Dokotala amene ankaperekeza ochira

Pa chipatala china cha kumapiri panali dokotala wamkazi, ndipo dokotala analipo yekhayo. Anali waluso, koma anatopa. Sikunali kutopa kumene munthu amagona n'kudzuka kutatha. Ankadzuka nako, kudya nako, kupita nako kuntchito.

Pa chipatalapo munthu akamwalira, amayi odwazika matenda ankasiya miphika yawo pamoto n'kuperekeza thupi ku nyumba ya chisoni akuimba. Aliyense wokumana nawo pakhonde ankaima pambali, kutsamira khoma. Nyimboyo inkalowa paliponse, ngakhale m'chipinda cha opaleshoni. Koma wochira ankatuluka mwakachetechete, katundu pamutu, kuthamangira minibasi. Choncho dokotala uja ankamva za akufa okhaokha, mpaka anayamba kunena mumtima kuti, "Ntchito yanga ndi yolandira anthu n'kuwapereka kwa oimba." Analeka kuyang'ana odwala kumaso. Ankaona chilonda, n'kupita pa bedi lina. Pomaliza anatsimikiza zosiya ntchito, ngakhale ankadziwa kuti akachoka sipabwera wina msanga.

Tsiku limene ankapita kukauza akuluakulu, anakumana pakhonde ndi bambo wina wokalamba akulimbana ndi ndowa yodzaza mbale ndi bulangeti. Ankayenda mowerama, dzanja limodzi atagwira pamimba. Dokotalayo analeredwa kwa anthu, ndipo manja ake analandira ndowayo mutu usanaganize.

"Mukupita wodi iti, bambo?" anafunsa.

"Wodi? Ndikupita kwathu, adokotala. Mwandiiwala? Ndine uja ndinabwera pa ngolo ndisakudziwa kanthu, munanding'amba pamimba uja."

Dokotala anachita manyazi, chifukwa chilondacho ankachikumbukira bwino, koma nkhopeyo ayi. Poti ndowa anali atainyamula kale, anangopitiriza, monga timachitira poperekeza mlendo. Anafika pachipata chachikulu, pamene iye sankadutsapo chifukwa nyumba yake inali kuseri. Pamenepo anaona anthu akutuluka: mayi wobereka khanda, mnyamata wa ndodo akukangana ndi mchemwali wake za njira yachidule, agogo ena akugula nthochi.

"Onsewa akupita kuti?"

"Kwawo," anatero bamboyo. "Achira. Kodi inu simudziwa kuti anthu amachira pano?"

Dokotala anatula ndowa, nawomba m'manja mwaulemu, nati, "Zikomo, bambo, chifukwa mwachira."

Bamboyo anaseka mpaka chilonda chinamupweteka. "Mwandilanda mawu, mayi. Zikomo ameneyo ndimati ndinene ine."

Tsiku limenelo dokotala anapitabe kwa akuluakulu, koma za kusiya ntchito sanazitchule. Anapempha masiku opuma, nakagona ngati mwana. Atabwerera anadziikira lamulo: tsiku lililonse, ntchito ichuluke bwanji, aziperekeza munthu mmodzi wochira mpaka pachipata, atamunyamulira katundu, ndipo azimuthokoza. Anamwino ankaseka kuti adokotala apeza ganyu yonyamula ndowa. Iye sankasamala. Mankhwala ankasowabe, mzere wa odwala sunafupike, msana unkamupwetekabe. Koma anayambanso kuyang'ana anthu kumaso, popeza aliyense akanatha kukhala woti amuperekeze mawa.

Ndimamusirira mayi ameneyu, ndipo sindibisa. Kuthokoza sanakudikire kuti kumubwerere mumtima. Anakupangira njira yoyenda ndi miyendo.

Kenaka linafika tsiku loipa. Mwana wina amene dokotala analimbana naye kuyambira m'mawa anamwalira m'manja mwake. Nyimbo inadutsa pakhonde, iye atatsamira khoma. Itatha, anayenda wodi ndi wodi kufunsa amene akutuluka. Panalibe ndi mmodzi yemwe. Anakakhala pansi pakhonde, chikwama chake pambali, ndipo maganizo akale aja anabwera n'kukhala naye pomwepo.

Amayi odwazika matenda, pobwerera ku nyumba ya chisoni, anamupeza ali choncho. Anaima. Mmodzi wa iwo, wamkulu, anawerama n'kutola chikwama chija.

"Dzukani, adokotala," anatero. "Wamoyo amene akutuluka lero ndinu."

Anamuperekeza mpaka pakhomo pa nyumba yake, wina atamugwira mkono, osaimba. Atafika, mayi wamkulu uja anatula chikwama, nawomba m'manja monga ankamuonera dokotalayo akuchitira pachipata, nati, "Zikomo, mayi, chifukwa mulipo."

M'mawa mwake dokotala anabwera kuntchito.

Tsono inu madokotala atsopano amene mwavala makhoti oyerawa, lero mukunyezimira, koma kutopa kukudikirani, ndipo musadzachite nako manyazi. Mukadzatopa, kagoneni, chifukwa kuthokoza sikulowa m'malo mwa tulo. Koma dziwani kuti amene adzakufereni m'manja adzakupezani okha ndi nyimbo yawo, ngakhale mutatseka chitseko. Ochira sadzabwera kudzakuuzani, ali ndi minibasi yoti akwere. Amenewo muziwatsata nokha, ndipo muziwanyamulirako ndowa.