Kulira kwa Njinga ya Wabuledi

Wabuledi anali munthu wosadziwa kudikira. Tiyi ankamwa chiimirire, ndipo akapsa lilime ankakalipira kapu. Dzinali linachokera ku ntchito yake: m'mawa uliwonse, Lolemba mpaka Lachisanu, ankamangirira mabokosi a buledi pa njinga yamoto yakalekale n'kumagawa m'magolosale. Njingayo inali yosuluka utoto, mpando wake wosokedwa ndi waya, koma ndiyo inkadyetsa banja. Mwini bekale anali atanena poyera kuti wopanda njinga alibe ntchito.

Lachisanu lina, pobwerera kogawa, njinga ija inayamba kulira mwachilendo. Akangowonjezera moto, pansi pake pankamveka ngwe-ngwe-ngwe, ngati wina akugogoda chitini ndi supuni. Anzake pageti la bekale anaizungulira, aliyense n'kuipezera matenda ake. Wina anati pisitoni yatha, wina anati zam'kati zonse zadyana.

"Injini ikayamba kuyankhula chonchi, m'bale wanga, ndiye kuti ikutsazika," anatero wamkulu mwa iwo.

Wabuledi anakwera njinga yake nthawi yomweyo. Anathamangira nayo kwa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, makaniko wofatsa amene ankagwira ntchito m'kashedi ka malata. Anamupeza manja ali m'njinga ya munthu wina, pambali pake owotcherera zitsulo akusokosa.

"Muno simungamveke kanthu, alamu," anatero makanikoyo atatchera khutu pang'ono. "Kaisiyeni igone. Mawa m'mawa ndibwera tiimvere ili yozizira, kenako itatentha. Koma musaigwire."

"Mawa? Inu, Lolemba ndikufunika kuntchito!"

"N'chifukwa chake ndati mawa, osati Lachiwiri. Mlongo wanga munamudikira mpaka nsapato kutha, njinga ikukulepheretsani usiku umodzi?"

Nthabwalayo sinamukomere Wabuledi. Atafika kunyumba anayala thumba pakhonde, n'kubwereka masipanala kwa woyandikana naye nyumba. Mkazi wake anatulukira pakhomo atanyamula zovala zochapa.

"Kodi achimwene anati chiyani?"

"Achimwene akowo, nkhuku itha kuikira dzira n'kuswa iwo asanamasule bawuti imodzi. Ndiitsegula ndekha, ndione ndi maso anga."

"Munayamba mwatsegulapo injini, bambo?"

"Chilichonse chimakhala ndi poyambira."

Kumasula n'kokoma, ndipo aliyense amakhala katswiri. Paipi ya utsi anaichotsa yonse n'kuitsamiritsa kukhoma osaiyang'ana kawiri, poti maso ake anali pa matenda aakulu. Mabawuti anadzaza m'beseni la mkazi wake. Anatumiza uthenga kwa mlamu wake kuti asavutike kubwera, zinthu zili m'manja abwino.

Pofika Loweruka masana, injini inali mbwee pakhonde ponse. Pisitoni inali bwinobwino. Palibe chimene chinali chothyoka, chopsa kapena chodyeka. Wabuledi anatembenuza chitsulo chilichonse, kuchinunkhiza ngakhale, koma phokoso silioneka ndi maso. Atati abwezeretse, zinthu zinakana. Ichi chikalowa, icho chinkatsala panja, ndipo mabawuti onse anayamba kufanana. Thukuta linamuyenderera m'khosi.

Foni inalira. Anali mwini bekale.

"Ndamva kuti njinga yako yafa. Lolemba ukapanda kuoneka, magolosale ako ndipatsa wina. Buledi sadikira munthu."

Wabuledi anakhala pansi pakati pa zitsulo zake. Anachita mantha enieni, mantha a bambo amene akuona ana ake akusowa chakudya chifukwa cha manja ake omwe. Mkazi wake sanamunyoze, ngakhale mpata unalipo. Anangovala nsapato n'kupita kwa mchimwene wake.

Makaniko uja anafika Lamlungu m'mawa ndi chikwama cha zida. Anaima pakhonde, manja m'chiuno, n'kupukusa mutu.

"Alamu, mwandiitana kuti ndidzamvere chifuwa cha wodwala, koma wodwalayo mwamuduladula kale. Ndimvera pati? Phokoso timaligwira injini ikulira. Tsopano tiyambe taiukitsa."

Anagwira ntchito tsiku lonse. Makanikoyo ankatsuka chitsulo chilichonse, kuchipaka oyilo, n'kuchiika pamalo pake mosathamanga, uku akuimba kamluzu. Wabuledi ankangopereka zida, ali ndi manyazi ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Dzuwa litapendeka, anamanga paipi ya utsi n'kuponda kuti ilire. Inalira. Atawonjezera moto, phokoso lija linabwerera lonse: ngwe-ngwe-ngwe.

"Mwaona! Chilipo chimene sitinachione m'katimo!" anafuula Wabuledi, dzanja lili kale pa sipanala.

"Siyani chimenecho. Khalani apo, muzingowonjezera moto ndikakuuzani."

Makaniko anatenga chitsulo chachitali chomasulira, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chigwiriro n'kuchiika kukhutu. Anamvera pamwamba, anamvera m'mbali, anamvera pansi, atatsinzina.

"Muno mukuimba bwino," anatero. "Mkulu ameneyu sakudwala m'mimba."

Kenako ananjuta, n'kumangoyang'ana njingayo ikunjenjemera. Anayang'ana nthawi yaitali moti Wabuledi anayamba kugwedeza mwendo. Pamapeto pake anakulunga chiguduli kudzanja n'kukanikiza kachitsulo kopyapyala kamene kamakhala pa paipi ya utsi kuti wokwera asapse mwendo.

Phokoso linati zii.

Anachotsa dzanja, linabwerera. Anakanikizanso, linatha. Kabawuti kamodzi kanali katagwa panjira, ndipo kachitsuloko kankangomenya paipi. Anapisa m'chikwama, n'kupeza kena kolingana nako, n'kumanga. Injini inatsala ikulira mofewa monga inkachitira zaka zonse.

Wabuledi anayang'ana kabawutiko, anayang'ana khonde lodetsedwa ndi oyilo, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, chifukwa katundu amene anamutsikira pamtima anali wolemera. Mkazi wake anatsamira chitseko n'kupumira m'mwamba.

"Ndiye kuti Lachisanu lija..." anayamba Wabuledi.

"Loweruka m'mawa tikanamaliza tiyi asanazizire," anayankha mlamu wake akupukuta manja. "Koma musadandaule, njinga yanu yasamba m'kati mosayembekezera. Beseni la mlongo wanga lokha mugule lina."

Lolemba m'bandakucha Wabuledi anali woyamba pageti la bekale, mabokosi atamanga kale. Anzake aja anabwera kudzafunsa kuti anasintha chiyani, pisitoni kapena zam'kati zonse. Iye anazimitsa injini, n'kuyamba wakhala kaye pansi asanawayankhe. Anali atadziwa ndi thukuta lake zimene akuluakulu amanena, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.