Foni ya Amayi a Usipa

Naima anakhala pakhonde ndi lichero pamiyendo, akusankha mpunga. Ankatola timiyala kamodzikamodzi, ngati akuopa kuti ntchitoyo ingathe msanga. Pambali pake panali foni ya mabatani yomwe kale inkalira m'mawa wonse. Tsopano inangoti zii.

Foniyo ndiyo inayambitsa zonse. Amayi ogulitsa usipa mumsika wa Mangochi ankavutika kukwera galimoto mpaka ku Malindi kapena ku Makawa, n'kukapeza asodzi abwerako chimanjamanja. Shafi, mchimwene wake wa Naima, amene anaphunzira za makompyuta, anakonza njira yosavuta. Mayi akangofulasha nambala ya foniyo, makina ankamuimbira, iye n'kumva mawu a Naima akunena m'Chiyao doko limene usipa wafikira tsikulo. Naima ndiye ankafunsa asodzi n'kujambula uthengawo.

Boma litalengeza kuti lithandiza achinyamata a luso lamakono m'matauni ang'onoang'ono, awiriwa anasankhidwa. Anapatsidwa chipinda cha magetsi a dzuwa, intaneti ndi laputopu kwa miyezi isanu ndi umodzi. Lamulo linali limodzi: chipindacho adzapitiriza nacho okhawo amene ntchito yawo ikuthandizadi anthu.

Apa m'pamene Shafi anayamba kuchita manyazi ndi foni ya mabatani.

"Mabwana a kulikulu tikawaonetse zofulasha? Akatiseka," anatero.

Anatseka nambala ija n'kupanga pulogalamu ya m'mafoni ongokhudza pagalasi, yokhala ndi mapu, zithunzi za nsomba ndi Chingerezi chosalala. Sanapite kumsika ngakhale kamodzi kukafunsa. Naima ankadziwa kuti amayi aja amamanga foni pansonga ya chitenje, kuti manja awo amakhala onyowa tsiku lonse, ndiponso kuti ambiri sawerenga. Koma zonsezi sanamuuze mchimwene wake.

Tsiku lina Abiti Jaffalie, mkulu wa amayi a usipa, anamuimitsa Shafi pamsewu.

"Iwe mwana wa Che Bashiru, kamtsikana ka m'foni kaja mwakaika kuti? Dzulo ndapita ku Malindi kukangoona madzi."

"Mayi, dziko lapita patsogolo. Gulani foni yamakono."

"Ndizikaisisita ngati mphaka, manja ali mamba okhaokha?"

Amayi anzawo anafa nacho chikhakhali. Shafi anangomwetulira n'kupitirira.

Miyezi ija itatha, kunabwera mayi wina wochokera kuboma. Anaiona pulogalamuyo, naiyamikira kuti ndi yokongola. Kenako anatseka laputopu.

"Tiyeni kumsika ndikamve kwa eni ake."

Anayenda mzere wonse wa usipa. Panalibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anali nayo, ngakhale kuimvapo.

"Ife tinkadziwa ya Naima," anatero Abiti Jaffalie, akupirikitsa ntchentche. "Imene ija inamwalira, ndipo maliro ake sanatiuze."

Sabata yomweyo chipinda chinapatsidwa kwa atsikana awiri a ku Chowe omwe ankatumizira alimi mauthenga a nyengo. Shafi anabweza makiyi ndi laputopu, n'kubwerera kunyumba wapansi dzuwa lili paliwombo. Ndi mmene anamupezera Naima pakhonde paja, mpunga asanafike nawo ndi pakati pomwe.

Anadziponya pampando n'kuyamba kulalata. "Anthu a kuno ndi otsalira. Ukawabweretsera chinthu chabwino, amakankha ndi phazi. Boma nalonso, likufuna zamakono kapena likufuna usipa?"

Naima anatola kamwala kena, n'kukayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsitsa lichero pansi.

"Achimwene, mundikhululukire. Amayi aja sanatikankhe ayi. Tinawasiya ndife. Ankatiimbira tsiku lililonse tisanakhale ndi chipinda, tisanakhale ndi laputopu. Boma linatipeza tili ndi anthu, ife n'kutaya anthuwo kuti tisangalatse boma. Kuchokera kuchipinda chija kufika kumsika ndi pafupi ngati apa ndi pamzikiti, koma miyezi yonseyi simunakafunse funso ndi limodzi lomwe. Inenso, amene ndimakhala nanu nyumba imodzi, simunandifunse. Nanenso ndinalakwa kukhala chete. Koma zimene mukulavula lerozi sanakudyetseni ndi amayi a usipa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula."