Mkanthama Wosenza Onga

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Mkanthama, agogo awo a agogo anga. Munthu wokonda kuotha ngati mphaka, kaliwo osachoka pakamwa. Inu oseka kumbuyoko, tamverani.

Mkazi wake Nakwenda atangotuluka m'chikuta ndi mwana wamkazi, kunafika Achikunda, asilikali a Apwitikizi a ku Zambezi, kudzagwira amuna onyamula zida za nkhondo. Ena anawapatsa zingwe kuti azikoka mzinga, chimfuti chija cholemera ngati mvuu. Ena zipolopolo m'madengu. Mkanthama anamusenzetsa mgolo wa onga, ufa uja wophulitsira mfuti.

Tsono mwana anali asanatengedwe. Kutenga mwana mumakudziwa, inu? Bambo ndi mayi amamuwolotsa pamoto kuti akhwime. Bambo akasowa, pamalowa mwamuna wina.

"A Nakwenda, mundidikire. Mwanayu ndidzamutenga ndekha."

"Pitani, bambo. Moto mudzaupeza."

Lamulo la ulendowo linali lakuti wosenza onga asayandikire moto. Kaliwo anamulanda. Anzake akuotha, iye uko patali, atakumbatira mgolo. Mzinga ukatitimira m'matope, anzake akukoka ndi nyimbo, iye chilili, mgolo uli pamutu kuopa kuti onga unganyowe. Ankangoyang'ana utsi wa anzake, mtima uli kwawo. Kodi kamwana kaja kayamba kukwawa? Kamera mano? Anapukwa Mkanthama, anapukwa mpaka kuwonda.

Kuno Nakwenda anakana mwamuna wina. Anakana, anakana, dzinja n'kudutsa. Mwana atayamba kutupa masaya, anamkungwi anamukhalira pansi.

"Iwe, ukufuna kuika mwana m'manda chifukwa cha munthu woti mwina anafa kale?"

Mukanatani inu? Analola, misozi ili chuchuchu.

Nkhondo inatenga zaka. Itatha, Mkanthama anatulukira, pamutu pali dazi la mgolo. Anthu anamuuza zonse, ndipo iye sanakalipe. Anangokakhala kumphepete kwa bwalo, kutali ndi moto, monga anazolowera. Nakwenda, manyazi atamugwira, anapala khala paphale n'kutuma mwana uja. Kamtsikana kanayenda pang'onopang'ono, kanagwada mwaulemu.

"Alendo, nawu moto."

Akuti analiyang'ana khalalo mpaka linazima.

N'chifukwa chake ife a kwa Mkanthama, kaya kuitane ku Joni, kaya kuitane nkhondo, mwamuna sachoka asanatenge mwana wake. Ndipo wathu akakhala patali ndi moto, sitimutumizira khala paphale. Timanyamuka tokha, kukamugwira dzanja.