Chipongwe Chopanda Khasu

Panali munthu wina, mlimi wa mizimbe ndi nthochi, dzina lake Lameki Kaphuka. Ankakhala m'mudzi wa kudambo, tsidya lino la mtsinje. Tsidya linalo, m'munsi mwa phiri, kunali mudzi wa anthu amene makolo awo anachita kubwera kalekale kuchokera kutali, akulankhula chinenero china. Ana awo ndi zidzukulu zawo anabadwira komweko, koma dzina loti obwera silinawachoke.

Midzi iwiriyi inali ndi mwambo umodzi umene unkaigwirizanitsa. Munthu akamwalira kudambo, a kuphiri ndiwo ankabwera ndi makasu kudzakumba manda, kunyamula bokosi ndi kukwirira. Akamwalira wa kuphiri, uthenga unkawoloka mtsinje, ndipo a kudambo ankapita kukachita chimodzimodzi. Wachibale sankagwira khasu pamanda a m'bale wake. Ntchito yake inali kulira basi.

Okumba mandawo, amene timawatcha adzukulu, anali ndi ufulu umene wina aliyense analibe. Ankaloledwa kunyoza anamfedwa mmene angafunire. A kuphiri akafika kudambo ankati anthu a kuno ndi aulesi, mwina womwalirayunso wangogona chabe, tayambani mwamugwedeza tisanavutike. A kudambo akafika kuphiri ankabweza moyenera. Ndipo anamfedwa, misozi ili m'masaya, ankapezeka akuseka. Umo ndi mmene maliro ankapepukira.

Pa ntchito yonyozayi Lameki analibe mnzake. Pakamwa pake panali pakuthwa, ndipo mkono wake pakhasu unali wolimba chimodzimodzi. Ankayamba kulowa m'dzenje ndi iyeyo, n'kukhala womaliza kutuluka. Amene ankatha kumubweza anali mmodzi yekha, Yotamu Nampuluma wa kuphiri, bwenzi lake kuyambira ali anyamata. Awiriwa akayambana pamanda, ngakhale abusa ankadikira kaye.

Chaka china, nyengo ya kampeni ya chisankho, kunagwa zovuta kuphiri. Lameki anawoloka ndi anzake, nakumba mpaka dzenje linamufika m'chifuwa. Kenako anadzutsa mutu, thukuta lili chuchuchu, nayang'ana Yotamu, nati: “Obwera inu simukhuta. Malo olima tinakupatsani, pamwamba mwatha, tsopano mukufuna ndi pansi pomwe. Bwanji osakafera kwanu?”

Anthu anaseka, ndipo Yotamu anabweza mawu amene anaseketsa anthu koposa. Koma pamalowo panali mlendo wina wochokera kutauni, amene sankadziwa mwambowo. Iye anali atakweza foni. Anajambula nkhope ya Lameki ndi mawu ake. Dzenje silinalowe m'kanemamo, khasu silinalowe, yankho la Yotamu silinalowe. Anatumiza kwa anzake ali wodabwa, ndipo anzakewo anatumiza kwa anzawo.

Inu mukudziwa mmene zinthu zimayendera m'mafonimu. Sabata isanathe, nkhope ya Lameki inali itafika kumene mwini wake sanapondeko chibadwire.

Anthu anagawikana. Ena anati mdala uyu ndi watsankho, amangidwe, achotsedwe mumpingo, asadzalankhulenso pagulu. Ena anati ayi, uyu ndiye mwamuna, wanena zimene tonse timaopa kunena, munthu ali ndi ufulu wolankhula ndipo obwera amve. Anatukwanizana usana wonse, tsiku ndi tsiku, anthu osadziwana n'komwe. Mwa onsewo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti munthuyu akulankhula ataima pati.

Lameki mwini wake anali ndi kafoni kamabatani kongoimbira, choncho zonsezi anazimvera kumsika kumene ankagulitsa mizimbe. Pano ndisamukometsere, chifukwa nayenso analakwa. Kutchuka kunamukomera. Anyamata a kabaza akamuona ankamukuwira kuti mdala, tanenaninso zija. Iye ankaima pakati pa msika, mzimbe uli m'manja, n'kubwereza mawu aja liwu ndi liwu. Anyamatawo ankaombera m'manja. Amayi a kuphiri ogulitsa nandolo pafupi pomwepo sankaseka, ankangoyang'ana pansi.

Yotamu, amene tsiku lililonse la msika ankabwera kudzakhala pa mizimbe ya mnzakeyo n'kumatafuna osalipira, anasiya kubwera.

Yotamuyo anali ndi mwana wamkazi, Esinati, mphunzitsi wa pulayimale kutauni. Kumeneko mawu a Lameki anali atasanduka nyimbo. Ana ena a m'kalasi mwake, amene anamva kwa makolo awo, ankamuimbira akatembenukira kubolodi kuti bwanji osakafera kwanu. Tsiku lina kondakitala wa minibasi, atamva dzina la bambo ake, anamuuza zomwezo pamaso pa anthu. Esinati anakula akuitana Lameki kuti bambo, ndipo zinamupweteka kwambiri.

Achinyamata a kuphiri nawo ankawerenga ndemanga zonse m'mafoni. Anapangana kuti basi, zokumbirana manda zatha, aliyense aziika ake.

Patapita nthawi, amayi ake a Yotamu anamwalira. Anali okalamba kwambiri, omaliza mwa anthu amene ankakumbukira za ulendo wobwera uja. Maliro a munthu wotero ndi amene adzukulu amaonetserapo luso lawo lonse. Koma uthenga sunawoloke mtsinje. Lameki anangomva kulira kuchokera tsidya lija m'mawa, ali kumunda. Anaima, namvetsera, nadziwa nyumba imene kukuchokera. Anadikira wamthenga, koma sanabwere.

Anabwerera kunyumba mtima uli wolemera. Pakhomo anapeza galimoto, ndi amuna ovala bwino atakhala pamthunzi. Anali a chipani china. Anamubweretsera nsalu ya akazi ake ndi chipewa chake. Anati masana kuli msonkhano waukulu pabwalo la mpira, ndipo akufuna iye akakwere pansanja akanene mawu aja pachimkuzamawu. Anamuuza kuti asaope anthu omwe akufuna kumutseka pakamwa, iwo amuteteza, pakuti dziko lino ndi la ufulu.

Lameki anawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi khasu, fosholo ndi piki, naziika patsogolo pawo.

“Mawu amenewo ali ndi malo ake onenera, mabwana,” anatero. “Lero lomwe kuli maliro tsidya ilo. Tengani izi tiwoloke. Tikakumba mpaka m'chifuwa, ine ndikanena, inunso mukanena.”

Alendowo anayang'anana, nayang'ana nsapato zawo. Anati nthawi yawathera. Lameki sanakangane nawo. Ananyamula zida zake zonse paphewa, nalowera kumtsinje yekha, wosaitanidwa.

Panjira yopita kumanda anakumana ndi Esinati, amene anali atafika m'mawa womwewo, akuchokera kotunga madzi ndi amayi anzake. Anatula ndowa, naima pakati pa njira.

“Bambo, sitinakutumizireni uthenga.”

“Ndikudziwa, mama. Sindinabwere kudzalankhula. Ndabwera kudzakumba.”

“Mawu anu aja amandiimbira ana a sukulu. Ana aang'ono, bambo.”

Lameki anatsitsa khasu pansi. Akanatha kunena kuti wolakwa ndi mlendo wojambula uja, ndipo sakananama. Koma sananene zimenezo. Anati: “Wojambula anawatulutsa kumanda kamodzi. Ine ndinawatulutsa kambirimbiri, kumsika, manja ali oyera. Pamenepo ndinakulakwira, mwana wanga, ndipo ndinawalakwira agogo ako.”

Esinati sananene kuti wakhululuka. Anangosenza ndowa yake, napatuka pang'ono kuti munthu adutse.

Kumanda Lameki anapeza chinthu chimene sanachionepo m'moyo wake. Ana aamuna a Yotamu anali m'dzenje, akukumbira agogo awo enieni. Anali atagunda mwala, ndipo wamkulu ankamenya akulira, osaona n'komwe pamene akumenya. Lameki anatambasula dzanja, namukokera kunja, nalowa yekha. Achinyamata omwe anapangana aja anayang'anana, koma palibe anamutulutsa. Munthu amene ali m'dzenje la agogo ako, piki ili m'manja, n'kovuta kumuthamangitsa.

Dzuwa litakwera, amuna ena a kudambo anafika mmodzimmodzi. Anali atamva kuti Lameki wawoloka, ndipo anachita manyazi kukhala pakhomo. Mwala uja anauswa, manda anatha bwino. Koma ntchito yonseyo inachitika mwakachetechete, popanda nthabwala ndi imodzi yomwe. Lameki anali atalonjeza kuti salankhula, ndipo sanalankhule.

Bokosi linabwera, nyimbo zinaimbidwa, abusa analalikira. Adzukulu anatsitsa thupi nayamba kukwirira, ali duu. Anthu anayamba kuona kuti chinachake chikusowa, ngati ndiwo zoiwalidwa mchere. Gogo woseka ngati ameneyo ankapita ngati munthu wopanda abwenzi.

Yotamu anapirira mpaka analephera. Anaimirira pakati pa anamfedwa, nati: “A Lameki, amayi anga mukuwaika ngati mlendo? Kapena ulesi wa kudambo wafika ndi pakamwa pomwe?”

Lameki anayang'ana kumbali ya amayi, kumene kunakhala Esinati. Mphunzitsiyo anali ndi foni m'manja. Esinati anaiyang'ana, naikulunga pansonga ya chitenje, nati: “Nenani, bambo. Koma khasulo lisachoke m'manja.”

Pamenepo Lameki anatsamira khasu lake, napukuta thukuta. Anati gogo ameneyu anabwera kuno ali kamtsikana, ndi kamtolo kamodzi pamutu, koma taonani lero, wasankha malo a mwala amene ngakhale eni nthaka anawalephera, n'kuthyoletsa misana ya amuna a mudzi wonse. Anati obwera inu ndinu ovuta muli moyo, ndinu ovutanso mutafa, ndipo gogoyu akapitirize kuvutitsa kumene akupitako.

Anthu onse pamandapo anaseka. Yotamu anaseka mpaka misozi yeniyeni inatuluka, imene inali itakana kutuluka chiyambire m'mawa. Anabweza kuti a kudambo akumba manda amodzi okha ndiye adzadandaula mpaka mvula igwe. Esinati anabisa nkhope m'chitenje, koma mapewa ake ankagwedezeka, ndipo onse anaona.

A m'mafoni aja sanamve za tsikuli. Anali atapeza kale munthu wina woti azikanganirana. Lameki anabwerera ku mizimbe yake, ndipo anyamata a kabaza akamukuwira kuti anenenso, ankawauza kuti akufuna kumva abwere kumaliro ndi fosholo. Yotamu anayambiranso kutafuna mizimbe yaulere.

Chaka chotsatira mlongo wake wa Lameki anamwalira. Uthenga unawoloka, ndipo a kuphiri anafika mame asanaume, achinyamata aja ali patsogolo ndi makasu. Anamunyoza Lameki tsiku limenelo mpaka anakhuta. Iye anakhala pamphasa ya anamfedwa akumvetsera chipongwe chonsecho, mtima wake uli m'malo.

Tsono ana anga, ndakuuzani zimenezi chifukwa cha zimene zakhala zikuchitika m'gulu lanu la pafoni lija. Ena mwa inu mukuti munthu ali ndi ufulu wonena chilichonse. Ena mukuti wonena zopweteka achotsedwe pomwepo. Ine sindikukuletsani kulankhula, pakuti mudzi wongokhala duu mwauona mmene umaikira maliro ake. Sindikunenanso kuti mawu sapweteka, pakuti Esinati sananame.

Inu ofulumira kuweruza, kakanema kakakufikani, yambani mwafunsa kuti wolankhulayo anaima pati, ndipo n'chiyani chimene sichinalowemo. Inunso okonda kunena zolimba za mtundu wa anzanu, za kwawo, za chipani chawo, chala chisanadine dzifunseni funso limodzi. Munthu ndikumunenayu akafedwa mawa, ine ndidzawoloka mtsinje ndi khasu? Ngati mudzawoloka, mwina iye mwini adzakuuzani kuti nenani. Ngati simudzawoloka, ikani foniyo m'thumba.