Matope a Che Silaju ndi Kalipeti ya ku Joni

Che Rajabu anafika kwa Shehe Bwanali Mkwanda dzuwa litangopendeka, atapanira chikwangwani m'khwapa. Ine ndinali pomwepo pakhonde, chifukwa masiku amenewo ndinkaphunzitsa pamadrasa a Shehewo, kufupi ndi madambo a mpunga a ku Chilwa.

Che Rajabu anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, ndipo anagulira mzikiti wathu kalipeti yobiriwira, yofewa ngati bulangete latsopano. Pa zimenezo Allah awalipire, sindikuwachotsera. Koma anakhomanso pakhomo la mzikitiwo chikwangwani cha Chingerezi, m'mudzi momwe odziwa Chingerezi sitinkakwana n'komwe asanu. Shehe atamva, anatuma anthu kuti achizule n'kukachibweza kwa mwini wake.

"Assalamu alaikum, Shehe. Ndabwera kudzamva chimene chikwangwani changa chalakwa."

"Wa alaikumu ssalamu, Che Rajabu. Khalani pansi. Ine sukulu ya Chingerezi sindinaiponde, ndiye mundiphunzitse. Mawu apakatiwa akuti chiyani?"

Che Rajabu anakonza kolala. Kufunsidwa ndi Shehe kunawakomera, zinkachita kuoneka.

"Amenewa amati muddy. Ndiye kuti chinthu chamatope, chakuda, chauve. Ngakhale madzi ovunduka, osaoneka pansi, azungu amawatchula choncho. Chikwangwanichi chikungoti a zovala zotero asalowe."

"Zikomo, ndaphunzirapo. Nanga mukudziwa kumene Che Silaju akuswalira masiku ano?"

Che Silaju anali nkhalamba yolima mpunga. Kwa zaka makumi atatu ankachoka kumunda, kupanga udhu pachitsime, kusamba kokonzekera mapemphero, n'kudzaima pamzere woyamba wa Swala, mapemphero athu a mumzikiti, thalauzi ili matope mpaka m'mawondo. Wina anawamasulira kuti chikwangwani chikuti auve asalowe. Mkuluyo sanakangane ndi munthu. Anayamba kuswalira panja, pansi pa mtengo wa mango, atayala thumba la feteleza, mvula ikuwaza. Lachisanu lapitalo sanabwere n'komwe. Ine zinandipweteka, ndipo ndikanakhala Shehe ndikanayamba ndi kukalipa.

"Ine sindinathamangitse munthu," anatero Che Rajabu. "Komanso si inu nomwe mumatiphunzitsa kuti Msilamu azikhala waukhondo?"

"Ndi ine ndithu. Koma tandiuzani. Paulendo wanu wa ku Joni uja, nthawi ya Swala ikakwana madzi palibe, munkatani?"

"Ndinkachita tayammamu, Shehe. Kumenya manja padothi, n'kudzipaka kumaso ndi m'manja."

"Kenako n'kuswali?"

"N'kuswali."

"Ndiye kuti dothi linakuyeretsani pamaso pa Allah, inu muli m'thengo. Madzi nawonso amayeretsa. Tsono mvula yagwera padothi, zoyeretsa ziwiri zakumana. Uve walowera pati? Choletsa Swala ndi najisi, monga mkodzo ndi zina mukuzidziwa. Matope a m'munda wa mpunga si najisi."

Che Rajabu anatembenuza chikwangwani chija m'manja. Atayankhula, mawu anali atatsika.

"Shehe, kalipeti ija ndinaikhetsera thukuta. Zaka zinayi ndikugona pamakatoni kuti kwathu kuno tizigwetsa mphumi pabwino. Ikalowa matope sichapika."

Apo ngakhale ine mtima unandifewa. Munthuyo sankanama.

"Tsopano mwanena zoona, ndipo ndakumvani," anatero Shehe. "Ndiye kuti chikwangwanichi chimalondera kalipeti, osati Swala. Limenelo si vuto lalikulu. Kaipindeni bwinobwino, mukaisunge kwanu mpaka mpunga ukololedwe. Ife tiyala mikeka yathu yakale, imene timangoikutumula."

"Miyezi itatu yonse, Shehe?"

"Kalipeti idikira chilimwe, Che Rajabu, sikalamba. Che Silaju zaka zapita, ndipo sindikudziwa ngati chilimwecho achione. Tsiku la chiweruzo za kalipeti sindidzafunsidwa, koma za munthu amene anaswalira pamvula ine ndili m'kati pouma, ndidzayankha chiyani? Ndiye popita kwanu mudzere kwawo. Mukawauze ndi pakamwa panu, m'Chiyao chimene amamva, kuti malo awo pamzere woyamba akuwadikira, abwere ndi matope awo."