Mayi Amene Ankangovomera Nyimbo

Panali mayi wina, ana anga, dzina lake Nachanza, amene ankaimba m'kwaya ya amayi kumudzi kwawo. Mawu anali nawo, pamenepo tisamunamizire. Akakweza, ngakhale abambo owodzera kumbuyo kwa tchalitchi ankadzidzimuka n'kukhala bwino.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri Nachanza ankaima pambali pa mnzake wapamtima, Nazimbiri. Nazimbiri ndiye anali woyambitsa nyimbo. Iye akangotulutsa mawu atatu oyamba, Nachanza ankailandira nyimboyo n'kuithamangitsa mpaka kumapeto, osaphonya ndi liwu limodzi lomwe. Ndiye ankadzitama pachitsime kuti nyimbo zonse za kwaya zili m'mutu mwake. Panalibe wotsutsa, poti Lamulungu lililonse ankamumva ndi makutu awo.

Chaka china Nazimbiri anadwala pakhosi. Anapita naye kuchipatala, anachira ndithu, koma mawu sanabwerere. Anatsala ndi manong'onong'o okha, oti uzichita kusendeza khutu kuti umve. Chowawa n'chakuti mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, anali pafupi kukwatiwa, kutangotsala masabata atatu. Kuyambira mwanayo ali kumsana, Nazimbiri ankanena kuti tsiku la ukwati adzamulowetsa m'tchalitchi ndi nyimbo yoyambitsa iye mwini. Tsopano anaitana Nachanza, nam'gwira dzanja, n'kumupempha kuti akayambitse m'malo mwake nyimbo zisanu za tsikulo. Nachanza sanakane. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, komanso nyimbo yake iti imene iye sankaidziwa?

Komabe anati akonzekereko. Anali ndi foni momwe munali nyimbo za kwayayo, zojambulidwa Nazimbiri akadali ndi mawu. Eee, foni ija inaona zakuda! Posesa ikulira, potsuka mbale ikulira, popita kudimba ili m'chitenje ikulirabe, Nachanza akuimba nayo limodzi. Mwamuna wake anafika podandaula kuti ngakhale nkhuku za pakhomopo zaziloweza nyimbozo. Sabata yathunthu inatha choncho, ndipo mtima wa Nachanza unali m'malo.

Lachinayi amayi anasonkhana kuti ayeserere. Anandanda bwinobwino, onse maso kwa Nachanza. Iye anakoka mpweya, natsegula pakamwa. Zii. Nyimboyo ankaimva ili chapafupi ndithu, koma poigwirira panalibe. Anayesa yachiwiri, inatuluka ndi chuni cha nyimbo ya pamaliro. Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Nachanza anachita manyazi kwambiri, ndipo mantha anam'gwira. M'maganizo mwake ankaona mkwatibwi ataima pakhomo la tchalitchi, anthu ali chete, onse akudikira iye.

Pobwerera kumudzi anauza Nazimbiri kuti vutolo ndi lochepa: angowonjezera kumvetsera, m'mawa, masana ndi madzulo omwe. Zikavutitsitsa, tsiku la ukwatilo Nazimbiri adzaime pambali pake azidzamunong'oneza mawu oyamba. Nazimbiri anaseka kuseka kwake kopanda mawu. Kenako anatambasula dzanja, natenga foni ija, naimangirira pamfundo ya chitenje chake.

"Anachanza, anzanga," ananong'ona, "zaka zonsezi mwakhala muli kumsana kwanga. M'foni umunso woyambitsa ndi ine ndemwe. Pitani kudimba nokha, mukayambe. Pamene mukakakamire, mubwere mudzafunse pomwepo pokha."

Nachanza anakwiya. Anapita kwawo akung'ung'udza kuti munthu wongochira kumene sayenera kuuma mtima chonchi. Koma mnzakeyo ankamukonda, ndipo mwana wokwatiwayo anamulera nawo. M'mawa mwake analawirira kudimba, naima pakati pa mpiru ndi tomato, nayamba. Zinali zomvetsa chisoni, ana anga. Mzere woyamba unatuluka, wachiwiri unasowa. Anabwerera kumudzi, Nazimbiri anamunong'oneza mawu awiri okha n'kumulozera njira ya kudimba. Tsiku limenelo anayenda maulendo anayi. Mawa lake atatu.

Apa mpamene anadabwa. Nyimbo imene ankaiopa kwambiri inali yokhazikika kale, pomwe imene ankaiyesa yophweka ndiyo inali ndi mabowo ngati dengu lakale. Akanakhala ndi foni sakanadziwa, chifukwa foni inkatseka mabowo onse iye asanawaone. Tsopano ankadziwa pofunika kusoka, ndipo ankasoka pomwepo.

Sabata yomaliza sanakafunsenso kanthu. Ankayamba nyimbo yachinayi, n'kudumphira yoyamba, n'kubwerera yachisanu, mpaka amayi opita kuchigayo ankamuvomera ali panjira, matumba ali pamutu.

Tsiku la ukwati linafika. Mkwatibwi anaima pakhomo la tchalitchi, anthu anakhala chete. Mwachizolowezi Nachanza anayang'ana kwa mnzake. Nazimbiri anali pampando wa kutsogolo, pamalo a mayi wa mwana, milomo atatseka. Nachanza anakoka mpweya, nayamba yekha. Amayi analandira, tchalitchi chonse chinalandira, nthungululu zinamveka, mwana analowa. Nachanza atayang'ananso kutsogolo kuja anaona Nazimbiri misozi ili mbwembwembwe, milomo ikuyenda popanda mawu, akuvomera nyimbo imene mnzake wayambitsa.

Tsono inu a Folomu 4, musandiyang'ane ngati simukudziwa kumene ndikulowera. Ndimakuonani mutakhala pansi pa mtengo, kope lili chitsegulire, maso akutsetsereka pamanotsi, mutu ukugwedezeka kuti izi ndikuzidziwa, izinso ndikuzidziwa. Kumeneko n'kuvomera chabe, woyambitsa ndi kope. M'chipinda cha mayeso simudzakhala wokunong'onezani. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Tsekani kopelo, mutenge pepala losalembapo, mulembe zimene mukukumbukira. Mukakakamira musachite manyazi: tsegulani, muone pomwepo pokha, mutsekenso. Kuli bwino mawu akusoweni kudimba, tili ine ndi inu, kusiyana n'kukakusowani pakhomo la tchalitchi. Ndimakukondani, ana anga, n'chifukwa chake mawa m'mawa makope onse ndikulandani kwa ola limodzi. Kwiyani ndithu, koma mubwere ndi cholembera.