Nyimbo Imene Inaitana Adzukulu

Panali mayi wina wokhala pachitengwa, dzina lake Nangozo. Chaka china mwamuna wake Tadeyo anadwala chifuwa. Anagona m'chipatala miyezi iwiri, ndipo pamapeto pake adokotala anaitanira Nangozo pakhonde namuuza kuti, "Mayi, ife tayesetsa. Pitani nawo kunyumba." Mawu amenewo tonse timadziwa tanthauzo lake.

Anafika naye pangolo, namugoneka pamphasa. Abale anayamba kuyenda monyang'ama. Ana analetsedwa kuseka pabwalo, wailesi inazimitsidwa. Wodzazonda ankangokhala m'mbali mwa khoma, dzanja lili patsaya, kuusa moyo kawiri katatu, kenako n'kutsazika monong'ona. Munthu akali moyo, nyumba inali itayamba kale kumulira.

Tadeyo anali ndi mkulu wake, a Gelesomu, bambo a mtima wapachala. Mng'ono wawoyo ankamukonda kwambiri, koma mantha awo ankatulukira m'ukali. Anali atayamba kale kufunsa kuti matendawa abwera ndi ndani. Ndipo mukudziwa inu, funso lotere likafunsidwa maso onse amatembenukira kwa mtengwa, poti ndiye wobwera pamudzi. Paja mvula ikakuona litsiro siikata.

Tsiku lachisanu chibwerereni kuchipatala, dzuwa lili paliwombo, anthu ali kuminda, Tadeyo anatsegula maso. Mpweya unkamuvuta. Munthuyu asanadwale anali woimba besi m'kwaya, mawu ake ankagwedeza malata a tchalitchi. Tsopano anangonong'ona. "Nangozo, zii ameneyu akundiopsa kuposa chifuwachi. Tandiimbirani."

Nangozo anadziwa chimene chingatsatire. Kumudziko nyimbo ya Mulungu inali ndi malo awiri okha: m'tchalitchi Lamulungu, ndi pasiwa. Ikamveka pakhomo pa munthu mkati mwa sabata, ndiye kuti zagwa. Koma anayang'ana mwamuna wake, naona mantha ali mbee m'maso. Anayamba motsitsa, mawu akunjenjemera. Pofika ndime yachiwiri mawu anakhazikika, ndipo nyimbo inatulukira pawindo.

Mayi wina wochokera kuchitsime anaimva. Anatula ndowa pansi, nayamba kubuma. Kulira kunalumpha kuchoka munda uwu kufika munda uwo, makasu anatayidwa m'mizere. Ena anathyola masamba nawayala pamsewu kuti apanjinga azitsika. Adzukulu okumba manda anasonkhana, mmodzi atadula kale bango loyezera mtembo. A Gelesomu anathamanga kuchokera kudimba, matope ali m'miyendo, akufuula dzina la mng'ono wawo.

Analowa m'nyumba, adzukulu ali pambuyo. Anapeza Tadeyo ali maso, akupuma. Nangozo anali chogwada pambali pake, akuimba.

Kunja kulira kunaduka. Wabango uja analibisa kumbuyo ngati wakuba nzimbe.

A Gelesomu anatembenukira Nangozo mwaukali. "Mlamu! Mwatani apa? Munthu akali moyo inu mwamuimbira kale? Mwatopa naye eti? Mukufulumirira chiyani?"

"Pepani alamu," anatero Nangozo, maso ali pansi. "Andipempha okha."

"Akupemphani? Munthu wolephera kumeza ndi phala lomwe? Taonani mudzi wonse mwauchotsa kumunda! Mvetsetsani. Mukangotsegulanso pakamwa panupo, mumange katundu lero lomwe, muzipita kwanu. Uthenga mudzaumvera komweko."

Anthu anali atadzaza pakhomo, ena akusuzumira pawindo. Panalibe womuikira kumbuyo. Kwawo kwa Nangozo unali ulendo wa tsiku lathunthu. Akachoka, ndani adzamutembenuza mwamuna wake? Ndani adzamunyowetsa milomo? Akakhala chete, amusiya akhale. Zinali zapafupi, kungotseka pakamwa basi.

Koma Tadeyo anamugwira chala. Mpweya unkamuthawa, maso akuyendayenda kudenga. Mantha aja anali atabwereranso.

Nangozo anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Alamu, ine sindikuimbira imfa ayi. Ndikuimbira Mulungu, poti ali muno. Sanadikire kuti zithe kaye ndi pomwe abwere." Atatero, anayambiranso pamene analekezera.

A Gelesomu anasendera kutsogolo, dzanja atatambasula kuti amukokere kunja. Pomwepo pansi pa nyimbo panamveka kanthu. Kanali kamawu kosasa, kodukaduka, koma kanagwera pamalo pake penipeni. Tadeyo anali atalandira besi.

Dzanja lija linatsika lokha. A Gelesomu anayang'ana mng'ono wawo. Maso anali atasiya kuyendayenda, ndipo pankhope pake, ndikukuuzani zoona, panali kumwetulira. Bambo aja anakhala pansi ndi matope awo omwe, nalira osabisa. Kunja mayi wina analandira nyimbo, wina naye, mpaka adzukulu omwe. Anthu obwera kudzabuma anaimba kufikira dzuwa litapendeka, ndipo za kumanga katundu palibe anazitchulanso.

Ndikukuonani, mukufuna ndinene kuti anachira. Sanachire. Anakhala masiku khumi ndi awiri, tsiku lililonse m'nyumbamo mukuimbidwa, ndipo anapita mkazi wake ali pambali pake, mkulu wake atamuchirikiza mutu. Nangozo analira, analira ndithu, monga mmene mungalirire inuyo. Koma masiku khumi ndi awiri amenewo mantha sanagonenso m'nyumba imene ija.

Abale anga, ambiri a ife ndife anthu a m'mudzi umenewu, ine ndemwe. Timadziwa kuimba zinthu zikayenda bwino. Timadziwanso kuimba zonse zikatheratu. Koma pakatipa, pamene dokotala wapukusa mutu, pamene mvula yadula chimanga chikuyamba kumasula, pamene mwana anapita kutauni osamvekanso, timatseka pakamwa, ati tione kaye mmene zithere. Mulungu tamusandutsa mlendo wa paukwati ndi pamaliro. Chonsecho chimwemwe chake ndi kamba wa paulendo, ndipo kambayo timadyera panjira, munthu asanadziwe kuti akafika bwanji.

Alipo wina pano amene wabwera mtima uli m'mwamba, vuto walisiya kunyumba likumudikira. Sindikukulonjezani kuti mukalipeza litachoka. Mukafika, lowani m'chipinda chimene mukuchiopacho, mukhale pansi, muyambe ndime yoyamba. Mulungu anafikamo kale inu musanafike.